Kusakasaka gitala yakuda ku Slovenia

Loweruka usiku

Ndafika abale. Panopa ndili gone pabedi m'kachipinda kena kuno ku Ljubljana, likulu la Slovenia, mapazi atupa ngati zitumbuwa, koma poti ndinalonjeza kuti ndizilemba tsiku ndi tsiku, nazi. Inu amene mwakhala mukundifunsa kuti ku Slovakia unyamuka liti, si Slovakia chonde, ndi Slovenia, kadziko kopanikizika pakati pa Italy, Austria, Hungary ndi Croatia, anthu ake angopitirira pang'ono 2 miliyoni. Za viza sindifuna nkuyamba komwe, mapepala amene ndinasonkhanitsa akanakwana kuyatsira mbaula mwezi wathunthu.

Chandibweretsa kuno ndi nyimbo imodzi basi, musaseke. Kuntchito kwathu ku Leeds ku England, kosamalira okalamba kuja, ndimagwira naiti ndi mtsikana wina wa kuno, ndiye cha m'ma 3 koloko agogo onse akagona timakhala kukhitchini kumwa tiyi iye nkumaika nyimbo pafoni motsitsa. Tsiku lina kunamveka bambo wa mawu asasa ngati wagona pautsi, gitala pang'onopang'ono, ine nkumufunsa kuti bamboyu chamuvuta nchiyani. Anati ameneyu ndi Vlado Kreslin, nyimboyo ndi Tista črna kitara, kutanthauza gitala yakuda ija. Nkhani yake njakuti Kreslin ali mwana, pa masiku a chikondwerero kunyumba kwawo kunkabwera oimba a mtundu wa Roma (osati Aroma a kutchalitchi ayi kkkk, ndi mtundu wa anthu) ndiye bambo ake ankalowa kuchipinda kukatenga gitala yakuda imene anagula ndi malipiro awo oyamba. Patapita zaka zambiri oimba aja akakumana naye amamufunsabe ngati gitala ija ikadalipo. Nkhani yonse ndi imeneyo basi.

Koma ine inandibaya. Agogo anga aamuna anali ndi bangwe yomwe ankaisomeka kudenga, atamwalira palibe akudziwa kumene inalowera, ndipo ine ndemwe ndinkachita nayo manyazi anzanga akusekondale akabwera kwathu, ndinkawauza agogo kuti lero musaimbe. Ndiye mnzangayu atanena kuti tchuthi chino akupita kumudzi kwawo, komwe ndi kufupi ndi kwawo kwa Kreslin, ndinangoti usandisiye.

Lamulungu

Mzindawu ndi waung'ono, pakati pake magalimoto salowa, umangoyenda wapansi m'mbali mwa mtsinje wa Ljubljanica. Tayambira pa bwalo la Prešeren, tawoloka pa milatho itatu yogundizana ija imene anakonza Jože Plečnik (dzina limeneli kuno simungalithawe, chilichonse chokongola akuti Plečnik) nkutsetsereka mpaka pa Breg, pomwe Lamulungu lililonse pamakhala msika wa zakale. Kaunjika wa azungu ameneyo. Mawotchi akufa, mendulo za asilikali, zithunzi za Tito (mtsogoleri wakale wa Yugoslavia, dziko lomwe Slovenia inali mbali yake), ndalama za dinar zomwe sizigulanso kanthu, ndi makatoni a zimbale ndi makaseti.

Ndakhala chogwada pa katoni imodzi mwina mphindi 40 mpaka mawondo kuchita dzanzi. Mwini katundu, mdala wa ndevu zoyera, ataona kuti ndikutchula dzina la Kreslin anaseka kaye, kenako nkuyamba kundiphunzitsa, mnzanga akumasulira. Akuti Kreslin amene ndikumudziwa ineyo ndi wachitatu. Woyamba anali mnyamata wa kumudzi amene anayamba ndi kuimba ng'oma m'mabandi a achinyamata, nkudzapambana mu 1980 pa mpikisano wa Slovenska popevka ndi nyimbo ya Dan neskončnih sanj. Popevka imeneyi inali nkhani yaikulu kuno, inayambira ku Bled mu 1962, oimba atatchena masuti ndi madiresi aatali, kumbuyo gulu lalikulu la zoimbira la wailesi, dziko lonse lili tcheru. Mdalayo anandisolola zimbale za Marjana Deržaj ndi Majda Sepe, amayi amene anatchuka pa mpikisanowu, nkumazipukuta ndi mkono wa juzi ngati ana ake. Kreslin wachiwiri ndi wa rock, za ameneyo mawa. Wachitatu ndi uyu, anatero, nkutulutsa kaseti pansi penipeni pa katoni.

Spominčice, ya 1992, Vlado Kreslin ndi Beltinška banda. Kabokosi kake nkosweka pakona. Anati 5 euro, ine ndi chizolowezi chakwathu ndinati 3, anandiyang'ana ngati ndamutukwana, tinathera pa 4. Nditalipira mpamene ndinakumbukira kuti wailesi ya kaseti ndilibe, ndipo ndinaiona komaliza ndili folomu 2. Mnzanga akuti ndisadandaule, agogo ake sataya kanthu.

Lolemba

Lero kwatentha zedi. M'mawa tinapita pa Cankarjev dom, chinyumba chachikulu cha zisudzo ndi zoimba cha miyala yoyera, ine ndinkafuna kungoona pamene Kreslin amachitira makonsati ake a Disembala, amene wakhala akuchita chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1990. Panalibe chochitika, tinangosuzumira nkutuluka. Mnzanga akuti mayi ake ankakwera basi kuchokera kumudzi kudzaonera, kubwerera usiku womwewo.

Kenako ndinamukakamiza kuti tipite ku Bežigrad kukaona sitediyamu yakale, ya Plečnik yemweyo, yomwe pano ndi yotseka, udzu wamera mpaka pokhala anthu, tinangoionera pa mpanda. Apa mpamene Kreslin wachiwiri anathera. M'ma 1980 anali woimba wa bandi ya Martin Krpan, dzina analitenga kwa chimphona cha m'nthano ya kuno chomwe chinkazembetsa mchere. Anatulutsa Od višine se zvrti mu 1986 ndi Bogovi in ovce mu 1990, ndiye mu Juni 1991 anaimba pa sitediyamu imeneyi kutsegulira Bob Dylan, woimba wotchuka wa ku America, bandiyo nkutha. Taonani nthawi yake: mwezi womwewo pa 25 Slovenia inalengeza kuti yachoka mu Yugoslavia, kunabuka nkhondo ya masiku 10. Chaka chomwecho Kreslin anatulutsa chimbale chake cha payekha, Namesto koga roža cveti, mutu wake ndi funso lakuti kodi duwa likuphuka m'malo mwa ndani.

Ndamvetsera za Martin Krpan madzulo onse pa mahedifoni nditakhala m'mbali mwa mtsinje. Nzabwino, sindikana, nyimbo ya Od višine se zvrti mpaka ndaibwereza katatu, koma ndinene zoona, ndi rock ya m'ma 80 yomwe ukanaipeza kwina kulikonse. Chimene chikundizunguza mutu ine nchakuti munthu wangoimba kumene pa siteji imodzi ndi Dylan, dziko lake langobadwa ndipo aliyense maso ali ku Austria ndi ku Germany kufuna kuoneka wamakono, iyeyo nkutembenuka kupita kumudzi kukatenga madala oimba pa maukwati, ena a zaka za m'ma 70 ndi 80, kudzawakweza pa siteji mu likulu. Anzake sanamuone ngati wapenga?

Lachiwiri

Sitima, maola atatu ndi kanthu. Tinadutsa Zidani Most pomwe njanji imapanikizika pakati pa mapiri ndi mtsinje, kenako Celje, Ptuj, Ormož, Ljutomer, ine ndinagona pang'ono ndipo podzuka mapiri onse anali atasowa. Chidikha chokhachokha, ndipo abale chimanga! Minda ya chimanga mpaka kumene maso alekezera, pakati pake minda ya maungu. Titawoloka mtsinje wa Mura mnzanga anangoti tafika kwathu, dera lonseli amalitcha Prekmurje, kutanthauza kutsidya kwa Mura.

Pa siteshoni ya Murska Sobota anatichingamira amalume ake, ndipo pompo mnzanga uja anasintha lilime. Chiyankhulo chimene ndakhala ndikumva masiku atatu ku Ljubljana chinathera m'sitima, apa ndi china, chokoka mawu, akuti anthu a ku likulu ambiri sachimva bwinobwino ndipo kale ankachiseka kuti nchachimidzi. Pamsewu tinaona adokowe atamanga zisa zikuluzikulu pamwamba pa mapolo a magetsi. Amalume akuti kumapeto kwa Ogasiti amanyamuka kupita ku Africa, ndiye anandifunsa ngati ndingawatumeko kanthu kwathu.

Lachitatu

Lero ndiye tsiku lenileni, pepani ndilemba zambiri.

Agogo a mnzanga ndi kamayi kakafupi, mpango kumutu, manja olimba ngati a munthu wolima. Chingerezi sadziwa ngakhale liwu limodzi koma amandiyankhula osalekeza ngati ndikumva. Nkhomaliro anaphika zomwe amati dödöli, mbatata ya kachewere yophika nkuthiramo ufa wa tirigu nkutakasa ndi mthiko mpaka kulimba, kenako kuomola ndi supuni, pamwamba anyezi wokazinga ndi kirimu wowawasa. Ine nditaona kutakasa kuja ndinalephera kupirira, ndinawalanda mthiko. Anadabwa kuti ndikudziwa kugwira poto ndi dzanja limodzi uku ndikuvundula, ndinati agogo iyi ndi nsima yosochera chabe, mnzanga anamasulira sindikudziwa kuti anati chiyani koma anaseka mpaka kutsokomola. Pa saladi anathira mafuta a nthanga za maungu, obiriwira mochita kuda, onunkhira ngati mtedza wokazinga.

Titadya mnzanga anakwera kudenga nkutsika ndi wailesi ya kaseti yafumbi. Tinaika Spominčice patebulo la kukhitchini pomwepo, pakati pa mbale zosatsuka. Poyamba kunangomveka fuuu, kenako vayolini, kenako kanthu kena kolira ngati mvula ikugwa pa malata koma mwadongosolo. Ndinafunsa kuti chimenecho nchiyani, agogo anati cimbale, amatchula kuti tsimbale. Ine eee chimbale? Ndinawauza kuti kwathu chimbale ndi ichi tikumverachi, ndiye kuti tikumvera tsimbale pa chimbale, nthabwala yomwe inandiseketsa ndekha chifukwa pomasulira inafera m'njira. Tsimbale yakeyo ndi ngati bangwe yaikulu ngati tebulo, ya miyendo, mawaya ambirimbiri, woimba amakhala pansi nkumamenya ndi timitengo tiwiri tokulunga thonje kunsonga. Pansi pa zonsezo pakudumpha chibesi chachikulu chija choimirira, babatoni wa kuno.

Agogo anasiya kupukuta tebulo. Anakhala pansi nkuyamba kuimba nawo, osati mokweza, mawu onse akuwadziwa, chifukwa nyimbo zambiri pa kasetiyi si za Kreslin ayi, ndi zakale za m'derali zomwe anthu ankaimba iye asanabadwe. Akuti Beltinška banda inayamba kale nkhondo yachiwiri isanabuke, mu 1938, ya abale a banja la Kociper, ndipo woimba tsimbale wawo wotchuka anali Miška Baranja, wa mtundu wa Roma. Agogowa ankavina nyimbo zimenezi pa maukwati ali mtsikana. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri nchakuti makolo ake a Kreslin, bambo Milan ndi mayi Katarina, nawonso ankaimba ndi bandiyi pa siteji. Tangoganizani, munthu wa rock wa tsitsi lake kukwera pa siteji ndi amayi ake omubereka.

Ndiye pakati pa nyimbo yachinayi mawu anayamba kukoka ngati munthu woledzera, kenako zii. Wailesi yadya tepi. Mnzanga, mwana wa Spotify, anangogwira kumutu, koma ine ndi agogo tinangoyang'anana. Ndinatsegula pang'onopang'ono, tepi itatuluka ngati matumbo a nkhuku, ndinaikoka mosamala kuichotsa pa kagudumu kaja, agogo osanena kanthu anatsegula dirowa nkundipatsa pensulo. Ndinalowetsa pabowo nkumapota, iwo akuwongola popindika ndi chikhadabo. Pamalo popindikapo nyimbo imanjenjemera pang'ono mpaka pano, kwinako ili bwinobwino. Tamvera mbali zonse ziwiri kawiri, mbale tatsuka 5 koloko.

Lachinayi

Beltinci penipeni, kumene Kreslin anabadwira pa 29 Novembala 1953. Ndi katauni kachete, nyumba yachifumu yakale ili pakati pa mitengo, ndi tchalitchi cha Ladislav woyera. Amalume anandiimika patsogolo pa tchalitchicho nkundiuza kuti pa 17 Ogasiti 1919 panasonkhana chinamtindi cha anthu pamenepa kukondwerera kuti dera lawo lalumikizana ndi anzawo oyankhula Chisloveniya, pambuyo pokhala pansi pa Hungary zaka mazanamazana. Mpake nyimbo zawo zikumveka mosiyana ndi za kumapiri, vayolini ndi tsimbale zija nza mbali ya ku Hungary. Nyumba ya kwawo kwa Kreslin sindinafunse, ndinaona kuti kukaima pageti la eni ndi foni m'manja nkupanda ulemu.

Masana tinapita ku Ižakovci, m'mbali mwa Mura, pamalo omwe amati chilumba cha chikondi. Pali chigayo choyandama pamadzi, gudumu lake limazungulira ndi mphamvu ya mtsinje, ndi bwato lalikulu lowolotsa anthu lomangirira ku chingwe, lopanda injini, madzi okha amalikankha. Mura ndi wothamanga, wamtundu wa tiyi wamkaka wochepa. Udzudzu wake ndiye ayi, ndinkayesa ndinausiya ku Nsanje.

Pobwerera tinakangana m'galimoto. Mchimwene wake wa mnzanga, wa zaka 24, akuti Kreslin ndi nyimbo za makolo ndi za pa ulendo wa sukulu, wamva zokwana. Anawonjezanso ina yomwe inandikhalitsa chete: akuti nzosavuta anthu kulira ndi nyimbo ya gitala yakuda mu holo ya ku Ljubljana, koma a Roma enieniwo, ngati a ku Pušča kufupi ndi Murska Sobota, si onse olirawo angawalandire pakhomo. Amalume anayankha kuti Kreslin asanabwere ndi madala aja achinyamata a kuno ankachita manyazi ngakhale kuyankhula chakwawo akapita ku likulu, ndipo iye sanawabise oimbawo kumbuyo, dzina la bandi lili pachikuto pomwe pali lake. Ine ndikuona kuti onse awiri akunena zoona koma ndili mbali ya amalume pang'ono. Ndinakumbuka mmene Namadingo anakhalira pansi ndi agogo Giddes Chalamanda mu 2020, anthu nkuyamba kuchita ngati awatulukira kumene munthu amene wakhala akuimba moyo wake wonse. Ndinayesa kuwafotokozera koma tinali titafika, agogo ali pageti ndi mbale ya gibanica, keke ya magawomagawo ya maapozi, mtedza, tchizi chofewa ndi tinjere takuda, mkangano unathera pomwepo.

Lachisanu

Mvula tsiku lonse. Ndagona pasofa kumvera zimbale zotsatira pafoni, Najlepša leta našega življenja ya 1993 ndi madala omwe aja, ndi Nekega jutra, ko se zdani ya 1994 ndi bandi yake ina ya anyamata, Mali bogovi, timilungu ting'onoting'ono. Ndapezanso kuti bandi ya ku America, The Walkabouts, inaimbanso gitala yakuda ija m'Chingerezi mu 2000. Ayesetsa, koma mawu asasa aja mulibe. Agogo akuti ndikudya pang'ono.

Loweruka

Ndalemba izi 2 koloko usiku ndiye zolakwika muzikonza nokha. Tinali ku veselica, phwando la ozimitsa moto a m'mudzi woyandikana nawo, kuno pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi gulu lake la ozimitsa moto ongodzipereka ndipo ndalama amapezera pa maphwando otere. Matebulo aatali pansi pa tenti, soseji, mphika waukulu wa bograč womwe ndi nyama zamitundu itatu ndi mbatata ndi tsabola wofiira, vinyo wosakaniza ndi madzi a gasi. Munthu wakuda ndinali ndekha tenti yonse, ana anandiyang'ana mpaka kutopa, kenako mdala wina wa yunifolomu anandikokera pabwalo ndipo ndapondedwa zala zosawerengeka.

Bandi inali ya anyamata wamba, ndipo maola atatu oyamba inali akodiyoni yokhayokha, polka ya kumapiri ya mtundu wa Avsenik (katswiri wa akodiyoni wa kuno), dumpha dumpha osapuma. Tsimbale panalibe, ndinakhumudwa pang'ono, ndinayamba kuganiza kuti mwina mnyamata uja amanena zoona, kuti zonsezi zatsala m'makaseti ndi m'mitu ya agogo. Koma itadutsa 12 woimba anasiya akodiyoni nkunyamula gitala, anangokhudza mawaya kawiri tenti yonse inadziwa. Anthu anasiya kuvina nkugwirana m'mapewa. Ine mawu sindiwadziwa kupatula awiri aja, črna kitara, ndiye ndimangodikira afike ndikuwe nawo. Nditatembenuka ndinaona mchimwene wa mnzanga uja, wotopa ndi Kreslin uja, kapu m'mwamba maso otseka akuimba vesi iliyonse osaphonya. Anandiona kuti ndamuona, anangokweza mapewa.

Lamulungu

Tili m'sitima kubwerera, ndege ndi mawa m'mawa. Kaseti ija ndawasiyira agogo, kwanga ilibe poiimbira, ndipo m'mawa uno ndinawapeza aiika kale akusenda mbatata. Iwo andipatsa botolo la mafuta a maungu lokulunga m'nyuzipepala ndi pensulo ija, akuti ndingadzaifune.

Tisanafike ku Ptuj ndinawaimbira amayi pa WhatsApp kuwafunsa za bangwe ya agogo. Akuti mwina ili kwa amalume ku Ntcheu, mwina inadyedwa ndi chiswe, afunsa Lachitatu akapita ku chinkhoswe. Kenako anandifunsa ngati kuno kuli ufa, netiweki nkuduka.